Kodi anthu akunja ali ndi gawo lanji podzudzula boma la Philippines?

Bambo Chirwa, Zomba

Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani ya dziko la Philippines, yomwe yakhala ikundizunguza mutu chimangidwire a Rodrigo Duterte pa 11 Malichi 2025. Mtsogoleri wakaleyu anagwidwa pabwalo la ndege ku Manila akuchokera ku Hong Kong, ndipo tsiku lomwelo anakwezedwa ndege ya ku The Hague, ku Netherlands, kuti akayankhe mlandu ku ICC, khoti la dziko lonse lozenga milandu ikuluikulu, wokhudza kuphedwa kwa anthu pa nkhondo yake yolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo. Zoti anthu anafa palibe amene akukana, popeza boma lenilenilo limavomereza kuti apolisi anapha anthu oposa 6,000, pomwe ofesi yozenga milandu ku ICC inati chiwerengero chenicheni chili pakati pa 12,000 ndi 30,000.

Chimene chikundivuta ine ndi gawo la anthu akunja pa nkhaniyi. Dziko la Philippines lili ndi anthu 109 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2020, lili ndi makhoti akeake, nyumba ziwiri za malamulo ndiponso atolankhani olimba mtima, ndipo a Duterte analowa m'boma mu 2016 ndi mavoti oposa 16 miliyoni. Ngakhale ali m'ndende ku Netherlands, anthu a kwawo ku Davao anawasankhanso kukhala mfumu ya mzinda wawo mu Meyi 2025. Tsono munthu wa ku Brussels kapena ku Geneva akamaimirira n'kumanena kuti dzikolo likuyendetsedwa moipa, kodi akulankhula m'malo mwa yani, ndipo anamutuma ndani?

Bambo Tembo, Chipata

Bambo Chirwa, funso lanu ndi lomveka, koma likuyamba ndi maganizo akuti khoti la ICC ndi mlendo amene anangolowa m'nyumba ya eni osaodira, pomwe mbiri siikutero. Dziko la Philippines linalowa lokha m'pangano lokhazikitsa khotili mu 2011, aphungu a nyumba ya Senate atavomereza, ndipo palibe amene anawakakamiza. Woyamba kukatula dandaulo lodziwika bwino ku The Hague mu Epulo 2017 anali loya wa ku Philippines komweko, a Jude Sabio, ndipo pambuyo pake mabanja a anthu ophedwa anatumizanso maumboni awo. Mayi Fatou Bensouda a ku Gambia, mkulu wozenga milandu ku ICC panthawiyo, atalengeza mu Febuluwale 2018 kuti ayamba kuunika nkhaniyi, a Duterte anatulutsa dziko lawo m'khotili mwezi wotsatira, ndipo kutulukako kunayamba kugwira ntchito pa 17 Malichi 2019. Koma pangano lomwe anasainira limanena momveka kuti dziko likatuluka, milandu yomwe inachitika lidakali membala siifufutika. Onaninso kuti amene anawagwira pabwalo la ndege anali apolisi a dziko lawo lomwelo.

Mfundo ina ndi yakuti khotili limalowerera pokhapokha makhoti a dziko akalephera kapena akakana kuzenga milandu moona mtima. Mwa anthu zikwizikwi amene anafa, milandu yomwe apolisi anapezeka olakwa ndi yowerengeka ndi zala. Wodziwika kwambiri ndi wa Kian delos Santos, mnyamata wa zaka 17 amene anaphedwa ku Caloocan, mzinda wogundana ndi Manila, mu Ogasiti 2017. Apolisi ananena kuti anawawombera, koma kamera ya m'deralo inawajambula akumukoka kupita naye kumdima, ndipo apolisi atatu anaweruzidwa kuti ndi olakwa mu Novembala 2018. Pakanapanda kamera ija, dzina lake likanangolowa m'kaundula wa anthu amene akuti analimbana ndi apolisi.

Mayi Nachisale, Leeds

Ine ndimagwira ntchito ya unamwino kuno ku Britain, ndipo ambiri mwa anzanga a pantchito ndi ochokera ku Philippines, choncho ndifotokoze zimene ndinaona ndi maso anga sabata yomwe a Duterte anamangidwa. Tinali m'chipinda chomwera tiyi pakati pa usiku, ndipo mnzathu wina wochokera ku Davao anali akuonera nkhani pafoni misozi ili chuchuchu. Iye anati asanalamulire a Duterte, mayi ake sankayerekeza kuyenda usiku, ndipo bamboyu ndi amene anachititsa kuti munthu wosauka azigona tulo. Mnzathu wina wochokera kudera lina la osauka mumzinda wa Manila anamuyankha mwaukali kuti kwawo kunkacha ndi mitembo m'mbali mwa msewu, ina itamangidwa nkhope ndi tepi, pambali pake pali katoni yolembedwa kuti wakufayo anali wogulitsa mankhwala. Anakangana kwa nthawi ndithu, mpaka tiyi anazizira m'makapu.

Kenaka bambo wina wa konkuno, amene ankangomvetsera, anaponyapo mawu akuti mayiko ngati amenewo sadziwa kudzilamulira, ndipo n'chifukwa chake anthu ake onse amathawira kuno. Amayi awiri aja, amene mphindi zapitazo sankafuna n'kuyang'anizana komwe, anatembenukira kwa bamboyo pamodzi, ndipo amene anamudzudzula kwambiri anali yemwe uja wodana ndi a Duterte. Bambo Tembo, mwa malamulo mukulondola, koma Bambo Chirwa akhudza chinthu chenicheni. Anthu amamva kusiyana pakati pa munthu wodzudzula boma lawo ndi munthu wonyoza mtundu wawo, ndipo atsogoleri ngati a Duterte amadziwa bwino kusakaniza ziwirizi kuti aliyense wodzudzula boma aoneke ngati wonyoza mtundu.

Bambo Chirwa, Zomba

Zikomo amayi, mwandithandiza kufotokoza. Ndiwonjezere kuti kukwiya kwa anthu a ku Philippines ndi odzudzula akunja kuli ndi mizu yakuya. Dzikoli linalamulidwa ndi Spain kwa zaka zoposa 300, kenaka ndi America kuyambira 1898 mpaka 1946. Mu Seputembala 2016, a Duterte atatukwana a Barack Obama mpaka msonkhano wawo wa ku Laos kulephereka, anatulutsa zithunzi za ku Bud Dajo, pachilumba cha Jolo, kumene asilikali a America anapha Asilamu mazanamazana mu 1906, kuphatikizapo amayi ndi ana. Chilankhulo chawo chinali chonyansa, koma funso lawo linali ndi mano: dziko lomwe linachita zimenezi, ndipo mpaka lero silinalowe n'komwe m'khoti la ICC, likuphunzitsa ndani za ufulu wa anthu? Mu 1987 mtolankhani wa ku America, James Fallows, analemba m'magazini ya The Atlantic kuti vuto la dziko la Philippines ndi chikhalidwe chowonongeka, ndipo nkhaniyo anthu a kumeneko amaikumbukirabe ndi kuitsutsa mpaka pano. Munthu amene wakhala akuuzidwa zotere kwa mibadwo, n'zosadabwitsa akaombera m'manja mtsogoleri amene wayankha azungu mwachipongwe.

Mayi Nangozo, Dedza

Bambo Chirwa, kuphedwa kwa anthu ku Bud Dajo mu 1906 sikungadzutse mwana amene anaphedwa ku Caloocan mu 2017, ndipo amene anamupha sanali Mmereka. Koma ine ndikufuna kutengera nkhaniyi ku mbali ya chipembedzo, chifukwa kumeneko ndi kumene mawu akuti mlendo asalowerere anagwiritsidwa ntchito moipa kwambiri.

Kunali sisitere wina wa ku Australia, Patricia Fox, amene anakhala m'dzikolo zaka 27 akugwira ntchito pakati pa alimi osauka ndi anthu opanda malo. Mu Epulo 2018 anagwidwa ndi a zolowa ndi kutuluka, ndipo a Duterte anavomera poyera kuti ndi iwo amene analamula kuti afufuzidwe, ati chifukwa mlendo alibe ufulu wonyoza boma. Mayiyu, wa zaka zopitirira 70, anachoka m'dzikolo mu Novembala chaka chomwecho. Kodi munthu amene wadya ndi kulira maliro ndi anthu kwa zaka 27 ndi mlendo mofanana ndi kazembe amene wangotsika ndege dzulo? Ife a ku Malawi nkhaniyi siyachilendo, pakuti kalata ya maepiskopi itawerengedwa m'matchalitchi mu Malichi 1992, boma la nthawiyo linathamangitsa Monsinyolo John Roche wa ku Ireland, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, ngati kuti madandaulo a m'kalatamo anachokera kunja.

Komanso eni dziko amene anadzudzula sanasiyidwe. Mu 2017 mabelu a matchalitchi ankalizidwa 8 koloko usiku pokumbukira ophedwa. Episkopi Pablo Virgilio David wa ku Caloocan, yemwe dayosizi yake inaika maliro ambiri a nkhondoyi, anaopsezedwa kuti aphedwa, ndipo mu 2019 iye ndi maepiskopi ena atatu anatchulidwa pa dandaulo la apolisi lowaganizira kuti akufuna kuukira boma, lomwe pambuyo pake linathetsedwa. Mu Juni 2018 a Duterte ananyoza Mulungu poyera kuti ndi wopusa, m'dziko limene anthu pafupifupi 79 pa 100 alionse ndi Akatolika. Choncho mlendo akalankhula ankati si kwanu kuno, mwini dziko akalankhula ankati ndiwe woukira. Ndiuzeni amene anatsala ndi chilolezo cholankhula.

Che Jafali, Doha

Mayi Nangozo, ndikugwirizana nanu pa za sisitere uja, koma ndikupempha kuti tisajambule Mpingo wa Katolika ku Philippines ngati wozunzidwa yekha, chifukwa kwa anthu ena m'dzikomo mpingowo ndi umene uli pamwamba. Kuno ku Qatar ndimapemphera mumzikiti umodzi ndi anyamata ochokera ku Mindanao, chilumba chachikulu cha kummwera kwa Philippines, ndipo nkhani zawo sizimveka kawirikawiri m'manyuzipepala a ku Ulaya. Asilamu ndi pafupifupi 6 pa 100 alionse m'dzikolo. Mnyamata wina wa ku Lanao anandiuza kuti pamene ankafuna nyumba ya lendi ku Manila, mwini nyumba anamulandira bwino pafoni, koma atangoona dzina lake pachitupa anati chipindacho chatengedwa kale, ndipo mlongo wake ankavula hijabu popita kukayesedwa ntchito. Zimenezi si zolembedwa m'malamulo, koma ndi moyo wa tsiku ndi tsiku.

Mkangano wa ku Mindanao unakula chifukwa cha malo, pamene maboma a atsamunda ndi a pambuyo pa ufulu ankasamutsira Akhristu ochokera kumpoto kukakhala m'madera a Asilamu, ndipo kuphedwa kwa anyamata achisilamu amene ankaphunzitsidwa usilikali pachilumba cha Corregidor mu 1968 kunayatsa moto umene unayaka zaka makumi angapo. Odzudzula akunja amakumbukira Mindanao pokhapokha bomba likaphulika kapena mzungu akabedwa. Mzinda wa Marawi unaphwanyidwa pa nkhondo ya miyezi isanu mu 2017, zigawenga zogwirizana ndi ISIS zitaulanda, anthu oposa 1,000 anafa ndipo mazana a zikwi anathawa kwawo. Makamera atachoka, ambiri mwa anthuwo anakhala zaka m'misasa akudikira chipukuta misozi, ndipo phokoso la akunja pa iwo linali lochepa.

Sindikubisa zoipa za mbali yathu. Amene anaphulitsa mabomba m'tchalitchi chachikulu cha ku Jolo mu Januwale 2019, n'kupha anthu osachepera 20, komanso amene anaphulitsa bomba pa Misa ku Mindanao State University mu Disembala 2023, anachita zauchinyama m'dzina la chipembedzo changa. Koma pa nkhondo ya Marawi yomweyo kunali Asilamu amene anabisa Akhristu m'nyumba zawo n'kuwatulutsa mumzinda ali amoyo.

Kwa Bambo Chirwa ndinene ichi: pali alendo amene anathandizadi. Dziko la Malaysia linakhala mkhalapakati pa zokambirana za boma ndi gulu la Asilamu omenyera kudzilamulira la MILF kwa zaka zoposa khumi mpaka pangano la 2014, lomwe linabala chigawo chodzilamulira cha Bangsamoro anthu atavota mu 2019. Dziko la Indonesia linathandiza pa pangano la 1996 ndi gulu lina lotere la MNLF. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo apa zinaoneka. Alendo amenewa anakhala pansi kwa zaka, ankadziwa mayina a midzi ndi a atsogoleri, ndipo sankathamangira kwa atolankhani. Ndiyeneranso kuvomereza kuti amene anasainira lamulo lokhazikitsa Bangsamoro ndi a Duterte omwewo mu 2018, n'chifukwa chake Asilamu ena a ku Mindanao amawakondabe.

Bambo Tembo, Chipata

Che Jafali atsegula khomo lomwe ndimafuna kulowa. Kusalolerana pa chipembedzo ku Philippines kuli ndi mbali ina yomwe ili m'malamulo enieniwo. Gawo 133 la malamulo a milandu ya upandu, omwe anakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1930, limalanga munthu wokhumudwitsa okhulupirira pamalo opempherera. Mu Seputembala 2010 a Carlos Celdran analowa m'tchalitchi chachikulu cha Manila mapemphero ali m'kati, atanyamula chikwangwani chodzudzula ansembe chifukwa cholimbana ndi bilu ya za kulera. Anapezeka olakwa mu 2013, khoti lalikulu linavomereza chigamulocho mu 2018, ndipo anamwalira ku Madrid mu 2019. Bilu yomwe ankaimenyerayo inakhala lamulo mu 2012, itakhala zaka zoposa khumi ikukanidwa, makamaka chifukwa cha mphamvu ya maepiskopi.

Mpaka lero, kupatula Vatican, Philippines ndi dziko lokhalo lomwe lilibe lamulo lothetsa ukwati kwa anthu onse. Asilamu okha ndi amene amaloledwa kusudzulana potsatira lamulo lawo la 1977. Mayi amene akumenyedwa ndi mwamuna wake ayenera kupita kukhoti kukapempha kuti ukwatiwo uonedwe ngati sunakhalepo, njira yodula ndi yotenga zaka, yomwe osauka saikwanitsa. Anthu akunja akadzudzula zimenezi, yankho lomwe amalandira kwa ena mumpingo ndi lofanana ndendende ndi la a Duterte, lakuti musatibweretsere chikhalidwe chachilendo.

Mayi Nangozo, Dedza

Bambo Tembo, pa za a Celdran ine sindingayamikire munthu wosokoneza mapemphero, kaya m'tchalitchi kaya mumzikiti, ndipo ndikukhulupirira kuti Che Jafali angavomerezane nane. Komabe kumuweruza kuti akakhale kundende kunali kupyola muyeso, makamaka tikaona kuti a Duterte ananyoza Mulungu ndi kutukwana Papa Francis pagulu popanda womufunsa. Pa nkhani ya ukwati sitigwirizana, ndipo sindiyesa kukukopani pano. Chimene ndikukana ndi kufananitsa maepiskopi ndi a Duterte. Episkopi amene akutsutsa bilu amalalikira, amalemba kalata, amakopa aphungu, ndipo akagonja monga anagonjera mu 2012, lamulo limadutsa. Sanatumepo apolisi kukagogoda pakhomo la munthu usiku. Ndipo mpingo womwewo ndi umene unaitana anthu kudzera pa wailesi ya Radio Veritas mu Febuluwale 1986, Kadinala Jaime Sin atapempha kuti adzaze msewu wa EDSA, mpaka mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Ferdinand Marcos, anathawira ku Hawaii.

Chikondi Mbewe, Lilongwe

Makolo anga, ndine wamng'ono pakati panu, koma ndiloleni ndiyankhe mbali yomwe sinakhudzidwe mokwanira, ya anthu amene amanenedwa kuti amangoona zoipa zokhazokha za boma. Ku Philippines odzudzula boma kwambiri ndi eni dziko, ndipo ali ndi zifukwa zogwirika. Mu 2013, chaka chomwe kuno tinkamva za Cashgate, kumeneko kunaululika kuti ndalama zachitukuko za aphungu, pafupifupi mapeso 10 biliyoni, zinkapita ku mabungwe abodza okhudzana ndi mayi Janet Lim-Napoles, ndipo anthu anadzaza paki ya Luneta ku Manila mu Ogasiti chaka chimenecho. Mu 2025 kunaululikanso kuti ntchito zambiri zoteteza madzi osefukira zinalipiridwa koma zina sizinamangidwe n'komwe, m'dziko lomwe limakanthidwa ndi anamondwe pafupifupi 20 pachaka, ndipo pa 21 Seputembala anthu anachita zionetsero zazikulu. Munthu amene nyumba yake yamira pomwe pepala likuti khoma lotchinga madzi linamangidwa, simungamuuze kuti asiye kudandaula n'kumaona zabwino.

M'nthawi ya a Duterte, kudzudzula kunali ndi mtengo wake. Mayi Leila de Lima, senetala amene anayambitsa kafukufuku wa kuphedwa kwa anthu, anamangidwa mu Febuluwale 2017, anakhala m'chitokosi zaka zoposa zisanu ndi chimodzi, anatuluka pa belo mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 mlandu womaliza unathetsedwa. Kanema wamkulu wa ABS-CBN anatsekedwa mu 2020 aphungu atakana kumuwonjezera chilolezo. Mayi Maria Ressa a kampani yofalitsa nkhani ya Rappler anazengedwa milandu yambirimbiri, ndipo chimodzi mwa zomwe boma linkanena n'chakuti kampani yawo ili m'manja mwa anthu akunja. Atalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2021, otsatira boma pa Facebook anati umenewo ndi umboni wakuti ndi chida cha azungu. Apa mukuona kuti thandizo la kunja limateteza munthu mbali ina, n'kumupatsanso adani ake chomunenera.

Bambo Chirwa, chisankho cha ku Davao chikusonyeza kuti a Duterte amakondedwa, ndipo kafukufuku wa Pulse Asia mu Seputembala 2020 anapeza kuti anthu 91 pa 100 alionse ankakhutira ndi ntchito yawo. Koma mayi amene mwana wake anawomberedwa ali m'gulu la ochepa otsalawo, ndipo chilungamo chake sichingadikire kuti apambane chisankho.

Bambo Chirwa, Zomba

A Mbewe, mwalankhula zakupsa, ndipo sindikutsutsa kuti ochepa ali ndi ufulu wawo. Koma ndikufuna tione mmene chilungamo cha kunjachi chinafikira. Mu Julayi 2019 dziko la Iceland linabweretsa chigamulo ku nthambi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu chopempha lipoti pa za Philippines, ndipo chinadutsa ndi mavoti 18, otsutsa 14, osavota 15. A Duterte anangoseka kuti vuto la Iceland ndi madzi oundana, boma lawo linaimitsa zokambirana za ngongole ndi thandizo kuchokera ku mayiko 18 amenewo, ndipo kupha kunapitirira. Khoti la ICC linaloleza kafukufuku mu Seputembala 2021, koma palibe chomwe chinasuntha. A Ferdinand Marcos Jr atalowa m'boma mu 2022 pamodzi ndi mayi Sara Duterte, mwana wa a Rodrigo Duterte, ngati wachiwiri wawo, ananena mobwerezabwereza kuti sadzathandiza khotilo. Zinthu zinasintha mabanja awiriwa atayambana. Mayi Sara anatula pansi udindo wa nduna ya zamaphunziro mu Juni 2024, nyumba ya aphungu inavota zowazenga mlandu wowachotsa pampando mu Febuluwale 2025, ndipo patangotha mwezi umodzi bambo awo anali m'ndege.

Tsono amene anapereka a Duterte ku The Hague ndi ndale za ku Manila, ndipo amene anawapereka ndi mwana wa munthu yemwe analamulira ndi lamulo la nkhondo kuyambira 1972, banja lomwe nkhani ya chuma chomwe linatenga siinathe mpaka pano. Otsatira a Duterte akamati khotili lagwiritsidwa ntchito pochotsa mdani wa ndale chisankho cha 2028 chisanafike, sindinganene kuti akulota. Ife tinaonanso zofanana nazo: a Omar al-Bashir, mtsogoleri wa Sudan panthawiyo, analandiridwa ku Lilongwe mu Okutobala 2011 ngakhale ankafunidwa ndi ICC, koma mu 2012, boma litasintha ndipo tikufuna kubwezeretsa ubale ndi mayiko otithandiza, tinakana kuwalandira mpaka msonkhano wa African Union unasamukira ku Addis Ababa. Lamulo linali lomwelo, chomwe chinasintha ndi wokhala pampando.

Mayi Nachisale, Leeds

Zimene mwanenazi, Bambo Chirwa, ndi zomwe mnzanga wa ku Davao amanena tsiku ndi tsiku. Koma mnzanga winayo amayankha kuti kaya a Marcos anachita ndi mtima wotani, mabanja a ophedwa anayamba kusonkhanitsa maumboni kale mabanja awiri a ndalewo akudyera mbale imodzi, ndipo pakanapanda mafayilo amenewo sipakanakhala chikalata chomangira munthu pamene mpata unapezeka. Ndionjezere kuti anthu a ku Philippines okhala kunja nawonso amatchedwa alendo akadzudzula, ngakhale amatumiza kwawo ndalama zoposa madola 30 biliyoni pachaka. Mnzanga uja akalemba zodandaula za boma, abale ake enieni amamuuza kuti iye ali pabwino ku Britain, asiye amene akuvutika alankhule okha, koma kumapeto kwa mwezi foni yopempha fizi imalira ndithu.

Che Jafali, Doha

Ndifunse kwa Bambo Tembo, popeza ndi odziwa malamulo. Anyamata a kuno amafunsa kawirikawiri ngati a Duterte angaphedwe akapezeka olakwa, komanso chimene chidzachitikire apolisi amene ankawombera anthuwo, poti si a Duterte amene ankagwira mfuti m'tinjira ta ku Caloocan.

Bambo Tembo, Chipata

Che Jafali, khoti la ICC lilibe chilango cha imfa. Chilango chachikulu ndi kukhala m'ndende zaka zosapitirira 30, kapena moyo wonse ngati mlanduwo ndi woopsa kwambiri, ndipo munthu amaonedwa kuti ndi wosalakwa mpaka oweruza atagamula. A Duterte ali ndi maloya awo, ali ndi ufulu wotsutsa umboni uliwonse ndi wochita apilo, zomwe anthu ophedwa aja sanapatsidwe. Dziko la Philippines nalo linathetsa chilango cha imfa mu 2006, ndipo a Duterte anayesetsa kuti chibwerere koma nyumba ya Senate siinavomereze, kutanthauza kuti ngakhale munthu wogulitsadi mankhwala sakanaphedwa mwalamulo.

Za apolisi ndi pamene ndikugwirizana ndi Bambo Chirwa kuposa mmene iwo akuganizira. Khoti la The Hague limazenga anthu ochepa kwambiri, makamaka amene akuganiziridwa kuti anali pamwamba pa ndondomeko yonse, ndipo milandu yake imatenga zaka. Wapolisi amene anawombera, mkulu wa polisi amene anasainira lipoti lakuti wakufayo analimbana nawo, ndi mkulu wa dera amene analemba mayina pamndandanda wa oganiziridwa, onsewa sadzakwera ndege ya ku Netherlands. Milandu yawo ili m'manja mwa unduna wa zachilungamo ku Manila ndi makhoti a m'dzikomo, ndipo unduna womwewo unavomereza mu 2021, utaunika milandu 52, kuti pa yambiri apolisi sanatsatire ndondomeko zawo ndipo mfuti zomwe ankati zinapezeka ndi ophedwa sizinapimidwe moyenera. Milandu 52 pa anthu oposa 6,000 ndi yochepa zedi, ndipo mboni zambiri zikukhalabe m'madera omwe apolisi omwewo akugwira ntchito.